Kuseri kwa masipika

Pali chizolowezi chimene chandilowa pang'onopang'ono, ndipo chikundisowetsa mtendere. Kukakhala ukwati, msonkhano wa makwaya, kapena bandi ikabwera kuchokera ku Chipata kudzaimba kuno kuchigwa, ine sindikhalanso kutsogolo kumene ndinkalimbirana malo ndili mnyamata. Ndimazungulira n'kukaima kumbali kwa nsanja, kuseri kwa masipika, kumene kumabisala azimayi obereka makanda ndi ana ogulitsa zitumbuwa. Kumeneko oimba ndimawaonera cham'mbali, nthambo zili mbwee pafumbi, ndipo chimene chimandipeza kuchokera m'masipika ndi kugunda kokhakokha kwa besi. Koma mkati mwa kugundako mumadutsa timawu tochokera pakamwa penipeni pa oimba, tisanalowe m'makina, ndipo m'pokhapo pamene ndimadziwa kuti pansanja pali anthu anayi, aliyense ndi mawu ake. Kutsogolo kumamveka chinthu chimodzi chachikulu, chaukali, chobaya m'makutu, chimene sungathe kuchigawa kuti uyu ndi tenala, uyu ndi aluto. Anzanga amati ndi ukalamba, makutu atopa. Komatu makutu omwewa amamva mvuu zikamadzuma ku Luangwa pakati pa usiku, amamvanso mwana akamalira nyumba yachitatu kuchokera kwathu.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo monga limachitira kuno mvula isanagwe, kunali ukwati cha ku Masumba. Eni ake anaitana anyamata anayi oimba ndi magitala, amene ndinkadziwa kuti mawu awo amagwirana bwino, chifukwa ndinawamvapo akuphunzira pansi pa mtengo wa mango popanda magetsi. Atakwera pansanja zinali zina. Wa tenala ankakwera kupitirira pamene nyimbo ili, wa besi ankabwera mochedwa, ndipo wachitatu anatseka khutu limodzi ndi chala, atatsinzina, kufunafuna mawu ake omwe. Ndinapita patebulo pamene panali mnyamata woyendetsa zokuzira mawu. Timagetsi ta pa mikisa yake tonse tinali titafika pofiira, osatsikanso. Ndinamugwira paphewa n'kumuuza pakhutu kuti, “Mphwanga, tatsitsako pang'ono, oimbawo sakumvana.” Anandiyankha mwaulemu ndithu, ngakhale anachita kukuwa kuti ndimve: “Atate, ndikatsitsa, eni ukwati anena kuti zida zanga n'zofooka. Mawa sandiitananso.” Ndinamufunsa za monita, kasipika kaja koyang'ana oimba kuti azidzimva. Anati kanapsa tsiku limene magetsi anabwera mwamphamvu atazima, ndipo ndalama yokakonzera inathera m'mafuta a jenereta. Ndinangokhala chete. Mnyamatayo sankanama, ndipo ntchito yake ankaidziwa.

Kuimba mogwirizanitsa mawu ndi ntchito ya khutu kuposa ya kukhosi. Ine ndimaimba besi m'kwaya ya kumpingo kwathu, ndipo mawu anga sindiwatenga m'mutu mwanga ayi, ndimawatenga kwa mayi wa sopulano amene amaima kutsogolo kwanga. Iye akatsika pang'ono chifukwa cha kutopa, nanenso ndimatsika osaganiza n'komwe, omvera osadziwa kuti pali chasuntha. Mukandichotsera mayi ameneyo m'khutu, ndimangoimba zoloweza, nyimbo ikupita kwina ine kwina. Ndi zimene zinkawachitikira anyamata aja. Masipika anali atawafulatira, ndipo chimene chinkabwerera kwa iwo ndi mawu ogunda khoma la nyumba ya patsidya pa bwalo, ofika mochedwa. Palinso china chimene chimachitika mkati mwa makinamo. Ampulifaya ikakakamizidwa kupitirira mphamvu yake imadula nsonga za mawu, ndiko kusasa kuja timakumva. Munthu akamaimba yekha, kusasako kumangomukhuthalitsa mawu, nyimbo imadziwikabe. Koma mawu atatu kapena anayi akalowera pamodzi m'makina odzaza chotero, amagundana n'kubala mawu ena atsopano amene palibe wawaimba, osagwirizana ndi nyimboyo. Ndiye kuti chimene chimangomukanda woimba mmodzi chimawapheratu oimba anayi. Onjezanipo jenereta imene imabwerera mphamvu nthawi iliyonse besi ikagunda, mababu a pansanja n'kumaphethira motsatira nyimbo, ndiye mumvetsa chifukwa chake magulu olukana mawu ndiwo amazunzika kwambiri pa mabwalo athu.

Sindikufuna kunena zija amanena okalamba onse, zoti kale zinthu zinali bwino. Chimene ndikuchifunacho chilipo lero lomwe, kungoti chimapezeka pamaliro. Usiku wogona pasiwa, azimayi ali m'nyumba, ife amuna tili panja pamoto, mayi mmodzi amayambitsa nyimbo ndi mawu otopa ndi kulira. Ena amavomera, wina n'kukwera pamwamba pake, wina n'kulowa pansi. Pamotopo pamakhala bambo wodzikuta m'jekete amene ungati akusinza, koma pofika mzere wachiwiri umangomva wathira besi chapansipansi, mutu osadzutsa. Palibe wagawa magawo, palibe woimika manja kutsogolo. Aliyense akumvetsera pamene pali mpata n'kulowapo. Wofika mochedwa kuchokera kumudzi wina, fumbi lidakali kumapazi, amakhala chete ndime yathunthu, kumvetsera kaye, kenako n'kupeza malo ake. Nyimbo yoteroyo imakwera ndi kutsika mphamvu. Pali pamene imatsala pang'ono kuzima, wina n'kuidzutsa. Pansanja za masiku ano kukwera ndi kutsika kumeneko kulibe, chifukwa chilichonse chili kale pamapeto pa mphamvu kuyambira pa “wani-thu, wani-thu” mpaka potseka. Ndipo kumaliro ena masipika ayamba kufikako.

Nkhaniyi inandibwezera kwa amalume anga. Iwo anagwira ntchito kumigodi ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi bokosi lachitsulo lodzaza mbale za galamafoni. Zambiri zinapindika ndi kutentha kwa kuno, koma mayina a pa zikutozo ndinawaloweza ndisanathe n'komwe kuwerenga bwino: WITCH, Ngozi Family, Musi-O-Tunya, Amanaz. Inali nthawi imene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ankatulutsa mbale za anyamata a magitala motsatizana, ndipo kampani ya Teal inkadinda mbale mumzinda womwewo. Lero nyimbozo zimatchedwa Zamrock. Mwa onsewo ine ndinkakonda Amanaz, gulu la anthu asanu la ku Kitwe: Keith Kabwe, Isaac Mpofu, John Kanyepa, Jerry Mausala ndi Watson Lungu. Anatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, chojambulidwa ku Malachite Film Studios ku Chingola, nyimbo zambiri m'Chingerezi, zina m'Chibemba. Ankadziwa kukalipitsa gitala monga anzawo onse, koma analinso ndi nyimbo zofatsa, zimene mawu a munthu amakhala poyera opanda pobisala, ndipo ndizo zinkandikhazika pansi ndili mwana.

Nditakula ndinadzamva kuti chimbale chimenecho chinatuluka mitundu iwiri. Nyimbo ndi zomwezo, oimba ndi omwewo, koma kasakanizidwe ka mawu n'kosiyana. Pa mtundu wina mawu a oimba ndi ng'oma zili kutsogolo, zouma, zopanda chokometsera. Pa winawo anathira kulilima kochuluka, kuja umakumva ukaimba m'tchalitchi mopanda anthu, kotero kuti oimba ndi ng'oma amabwerera kumbuyo, gitala n'kutulukira pamwamba. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles itatulutsanso chimbalechi mu 2015, inaika mitundu yonse iwiri pamodzi, osasankhapo umodzi. Ndinakhala nayo nthawi yaitali pafoni, zomvera zili m'makutu, kumasinthasintha. Pa wouma uja anthu ali pafupi nawe, m'kachipinda kakang'ono, ndipo pamene mawu a wina aterereka sipabisika. Pa wolilima uja zotere zimakwiririka, nyimbo imakula, imakoma mwamsanga, koma anthu aja amatalikira. Mtima wanga unali kale pa wouma, ndipo ndinkafuna munthu wondichitira umboni kuti umu ndi mmene mabandi athu ankamvekera, kuti kale oimba ankamveka.

Ndinapita kwa amalume madzulo ena nditabwereka kasipika ka Bluetooth kwa mdzukulu wawo. Tinakhala pakhonde, udzudzu utayamba kale ntchito yake, ndipo ndinawaikira nyimbo imodzi kawiri. Anamvetsera mutu uli pansi, chala chikugogoda pa ndodo yawo. Itatha ndinafunsa kuti, “Amalume, mwa iwiriyi ndi uti ukufanana ndi mmene mabandi amenewa ankamvekera m'holo?” Anakhala kaye chete. Kenako anati, “Palibe. Iwe ukuganiza kuti m'holo tinkamva mawu? Tinkamva ndi chifuwa.” Anayamba kufotokoza za usiku wa WITCH: anthu kupanikizana pakhomo, thukuta, malaya kumamatira kumsana, woimba wawo Jagari osakhazikika pamalo amodzi, gitala likulira mpaka munthu kukalowa ntchito Lolemba m'makutu mukadali kulira. Mawu a nyimbo ankawadziwira pa wailesi ndi pa mbale; m'holo ankangowawerenga pamilomo ya woimba n'kumaimba okha. “Ndipo tinkakondwa,” anatero akundiyang'ana m'maso. “Usamanene kuti phokoso layamba ndi ana a lero.” Nditawakakamiza kuti asankhe ndithu, analoza wolilima uja. Anati pamenepo pang'ono, chifukwa woimba ali kutali ndipo gitala lili pamutu pako.

Ndinapita kukafuna mboni, ndinabwerako ndi wonditsutsa. Kuyambira tsiku limenelo mtundu wolilima uja ndimaumva mwina. Ndimaganiza za munthu amene anakhala pa mikisa mu 1975, atamva nyimbo zouma zija n'kuona kuti chinachake chikusowa. Mwina ankadziwa mmene bandi imamvekera m'nyumba yodzaza anthu, ndipo ankayesa kulowetsa holo m'mbale, kuti wogula akaika singano kunyumba kwake amve kukula kwa malo. Ngati ndi choncho, iye ndi wa mtundu wouma uja onse ankanena zoona, wina za chimene oimba ankachita, wina za chimene ovina ankamva. Ine ndakhala ndikufuna choyambacho moyo wanga wonse, ndipo ndinkangoti aliyense akufuna chomwecho koma akusowa zida.

Ngakhale kumene anyamata a ku Copperbelt ankaonera kagwiridwe ka gitala, nkhani inali yomweyi. The Beatles, mmene John Lennon, Paul McCartney ndi George Harrison ankalukana mawu atatu, anaimba ku Shea Stadium ku New York pa 15 Ogasiti 1965 pamaso pa anthu oposa 55,000, ndipo kukuwa kwa anthuwo kunamiza zonse, oimba eni ake osadzimva. Patangotha chaka, pa 29 Ogasiti 1966 ku San Francisco, anaimba komaliza monga bandi yoyendayenda, n'kukadzitsekera mu situdiyo. Anthu a ku Shea aja anapita kwawo okhutira monga amalume. Chimene anapitira ndi kukakhalapo, kukaona ndi maso, kukakuwa pamodzi ndi anzawo. Koma oimbawo zinawatopetsa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anasiyira n'chakuti sankamvananso, kuimba kwawo kukulowa pansi popanda wozindikira. Ine ndimaima kumbali ya oimba, mwina poti ndine woimba. Koma sindingathenso kunena kuti amene akuvina kutsogolo kwa sipika sakudziwa chimene akufuna.

Komabe pali kusiyana kumene sindikufuna kukutaya. Kusasa kwa gitala la Paul Ngozi wa Ngozi Family kunali kosankha. Ankayatsa fazi, kachida kosasitsa gitala dala, pamene akufuna, n'kuizimitsa pamene akufuna. Ndipo mukamvetsera bwino magitala a roko, pamene fazi yayaka woimba amakonda kuyenda nsambo imodzi kapena ziwiri, chifukwa khutu linawaphunzitsa chinthu chomwe chija, chakuti mawu ambiri sakhalirana bwino m'makina odzaza. Pa mbale za Ngozi Family ukali unali wa gitala, mawu a munthu n'kusiyidwa kuti apume. N'chifukwa chake mu 2024, woimba wa ku America Tyler, the Creator atatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977 n'kuchiika mu nyimbo yake ya Noid, Chinyanja cha Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989, chinamveka dziko lonse liwu lililonse lili pamalo pake. Kusasa kwa pa ukwati uja palibe anakusankha. Kunagwera chilichonse mofanana: gitala, tenala, malangizo a ankhoswe, pemphero la abusa. Gogo wa mkwatibwi analankhula nthawi yaitali, akulira, ndipo ambiri a ife tinangoomba m'manja poona kuti wamaliza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chatitsalira ndi mbale za mu situdiyo, pamene usiku wa m'maholo uja unatsala m'zifuwa za anthu amene akutha mmodzimmodzi. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama yolowera kudansi inasowa. Nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi. Kenako anabwera madisiko, munthu mmodzi ndi mbale zake kulowa m'malo mwa anthu asanu, ndipo pomaliza Edzi inatenga oimba ochuluka. Nkhondo ya ku Rhodesia ija ndiyo inapha Alick Nkhata mu Okutobala 1978 cha ku Mkushi, munthu amene gulu lake linazoloweza dziko lino, kudzera pa wailesi ya ku Lusaka, kukoma kwa mawu a amuna olukana pa gitala wamba, roko isanafike n'komwe. M'masiku a iwowo kujambula kunkachitika kawirikawiri ndi maikolofoni imodzi, ndipo kusakaniza mawu inali ntchito ya mapazi: wamawu amphamvu abwerere m'mbuyo, wamawu ochepa asendere pafupi. Kuti uchite zimenezo uyenera kumumva mnzako, ndiponso kuvomera kuti mawu ako si ofunika kuposa ake. Ndimazikumbukira izi ndikaona pansanja aliyense wagwira maikolofoni yakeyake, ataikanikiza pamlomo, akukodola wa pa mikisa kuti amukwezere iye.

WITCH inadzukanso. Emmanuel Chanda, Jagari uja, ndi yekhayo wotsala mwa amene anaimba pa mbale zoyambirira. Anakhalapo mphunzitsi, anakumbapo miyala ya mtengo wapatali, ndipo kuchokera mu 2017 wakhala akuimba m'mayiko akunja pamodzi ndi Patrick Mwondela wa pa kiyibodi ndi oimba achinyamata. Mu 2023 anatulutsa chimbale cha Zango, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, komwe kunajambulidwa Lazy Bones!! ya mu 1975. Ndimaonera makanema a makonsati awo pafoni netiweki ikalola. Kumapazi kwa oimba kuli mamonita, mawu a othandizira amamveka paokha, ng'oma pazokha, ndipo fazi ikakalipa siikwirira munthu. Mphamvu ilipo yonse, anthu akudumpha, koma chilichonse chikumveka. Zinandisonyeza kuti ukali ndi kumveka bwino si adani, kuti chimene amalume ankafuna ndi chimene ine ndikufuna zikhoza kukhala m'holo imodzi. Zinandiwawanso mumtima, poganiza kuti mzungu wa ku Ulaya akumva nyimbo za Zambia bwino kuposa mmene amalume anazimvera ku Kitwe, kuposanso mmene mdzukulu wawo angamvere bandi iliyonse ku Mfuwe kapena kwa Jumbe lero lino.

Chigwa chathu chimanyamula mawu. Usiku mpweya wa pansi ukazizira, phokoso limakhotera pansi m'malo mokwera kumwamba, n'kuyenda mtunda wautali, ndipo mawu okhuthala ndiwo amafika kutali, opyapyala n'kuthera panjira. N'chifukwa chake ukagona ku Mfuwe umamva kugunda kochokera kumabala a ku Cropping osadziwa kuti ndi nyimbo yanji. Kutsidya kwa mlatho, mu South Luangwa National Park, woperekeza alendo amazimitsa injini kuti amve kulira kwa anyani kochenjeza kuti kambuku ali pafupi. Amene amagwira ntchito imeneyo ndi ana athu omwe, ndipo makutu awo ndi akuthwa. Ndiye si kuti ndife anthu osadziwa kumvetsera. Phokoso la pa ukwati lili ndi ntchito ina, ndi uthenga. Likuuza midzi ya kwa Mnkhanya ndi kwa Kakumbi kuti banja lakuti lakwanitsa, bwerani mudzaone. Kale ntchito imeneyo inali ya ng'oma, ndipo ng'oma imalekeza pamene mkono wa munthu walekeza, pamene ampulifaya imapitirira mpaka mafuta atatha. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti m'malo oimbira phokoso lisapitirire madesibelo 100 poliyeza pa mphindi 15, ndipo odziwa za makutu amati pa madesibelo 85 munthu asapitirire maola 8, ukawonjezerapo 3 nthawiyo idulidwe pakati. Ine ndimaona ana a zaka zisanu akuvina mphuno itatsala pang'ono kugunda sipika, kuyambira masana mpaka mdima. Amalume masiku ano timawalankhulira kukhutu limodzi lokha. Iwo amati ndi makina a mumgodi, ndipo sindiwatsutsa.

Njira imene ambiri apeza yothawira vutoli ndiyo imandiopsa koposa. Kwaya imasonkha ndalama, kupita ku Chipata kukajambula, n'kubwerako ndi fulashi. Tsiku la msonkhano amangoilowetsa, nyimbo n'kutuluka yosalala, magawo onse anayi ali m'malo mwake, oimba akuponya masitepe, milomo ikuyenda, maikolofoni itatsitsidwa kapena kuzimitsidwa kumene. Kamvekedwe kake n'kabwino kuposa ka anyamata a pa ukwati aja, zimenezo sindingakane. Koma palibe amene akumvetsera mnzake, chifukwa palibe chimene chingasunthe. Pa msonkhano wina magetsi anazima pakati pa nyimbo yoteroyo. Kwayayo inalimba mtima, inapitiriza ndi pakamwa, ndipo anthu anaomba m'manja. Ine ndinali pafupi, ndipo chimene ndinamva chinandiziziritsa m'nkhongono: onse, amuna ndi akazi, anagwera pa sopulano. Aluto panalibe, tenala panalibe, besi inangotsatira nyimbo yomweyo chapansi. Magawo aja anali m'fulashi, m'makosi mwawo anali atachokamo. Awa ndi adzukulu a azimayi omwe aja oimba pasiwa.

Kwaya yathu yasonkha kangachepe anthu atagulitsa thonje, ndipo pali mkangano wa choti tigule. Achinyamata akufuna sipika yaikulu ya besi, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Ikhoza kumabwerekedwa pamaukwati n'kubweza ndalama, komanso atopa kuchita manyazi pamisonkhano pamene makwaya ena amabwera ndi zida zodzaza ngolo. Ine ndi amayi awiri a aluto tikufuna mamonita awiri aang'ono, maikolofoni imodzi yabwino yoti anthu anayi aime moizungulira, ndi kachida koteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu. Zimenezo palibe adzazimve ali kumsewu, palibenso adzabwere kudzazibwereka. Wapampando ananditengera pambali n'kundiuza kuti, “Achimwene, mfundo yanu ndaimva. Koma anawa tikawakaniza atithawa, ndiye mudzagwirizanitsa mawu ndi ndani?” Ananena zoona. Tidzavota Lamlungu likubwerali tikatuluka m'tchalitchi, ndipo ndikawerenga manja amene ndikuwadziwa, sipika ya besi ipambana. Ndapempha zinthu ziwiri kuti zilowe pa mndandanda wa zokambirana: kuti maphunziro a Lachinayi akhalebe opanda magetsi, ndi kuti wokhala pa mikisa azikhala mmodzi wa ife oimba, wodziwa magawo onse anayi. Wapampando walemba zonse ziwiri, koma wati chachiwiricho chivuta, chifukwa odziwa magawo onse tatsala ochepa ndipo onsefe tikufunika pamzere.